Soketi ya M'chipinda cha Bambo

Pa mzere wa pashopu yokonza makompyuta, mtsikana wina anali atakumbatira laputopu yake ngati khanda. Mnyamata wa kumbuyo kwake anaisuzumira.

"Sisi, mashini amenewo ndi chilombo. Avuta chiyani?"

"Palibe. Ndikufuna andisinthire ndi ya purosesa yaing'ono."

"Aaa, muli siliyasi? Yaing'onoyo ine ndili nayo m'chikwamamu, ndi sulo koopsa. Ukatsegula vidiyo imayamba kaye yaganiza, mpaka umaiwala chomwe umafuna. Yanuyo kungodina, basi zatheka."

"Zatheka, eya. Koma batire silichedwa kutha, fani yakenso imalira ngati chigayo."

"Si mungoibaya pa chaja?"

"Soketi ndi imodzi, achimwene. Ndimagwira ntchito m'chipinda cha bambo, pambali pa bedi lawo. Pa soketipo pali makina owathandiza kupuma."

"Pepani."

"Dzulo laputopuyi inathima ndili pakati pa ntchito, ndipo abwana ananena kale kuti ndikachedwetsanso, ntchito yandithera. Ndinayang'ana pulagi ya makina aja. Ndinaiyang'ana nthawi yaitali, achimwene, mpaka ndinadziopa ndekha."

Mzere unasuntha, iwo osasuntha. Mtsikanayo anapukuta m'maso.

"Yanuyo batire limakhala bwanji?"

"Kutandala tsiku lonse. Fani ilibe n'komwe, imangoti zii."

"Nanga zolembalemba imakwanitsa?"

"Zimenezo ndiye sivuta."

Mnyamata uja anatsegula zipi ya chikwama chake.

"Tiyeni tichoke pamzerepa, sisi. Mundidikire pang'ono, ndichotsemo kaye zithunzi zanga."