Mtsikana wa mu Tepi Walowerera

Lamulungu masana, a Zakariya, kapitawo wa pa esiteti ya tiyi, analumikiza deki ya vidiyo ndi kanema ku batire la galimoto kunyumba kwawo ku Chinakanaka. Anali atapeza tepi ya filimu imene anaionera ali mnyamata, nthawi ya chipani chimodzi, ndiye anaitana akazi awo, a Katarina, amene anakulira ku Mozambique.

"Khalani apa, mayi a Brenda, muone ulemu wakale. Mtsikana wa m'menemu ndi wamakhalidwe, osati ana a masiku anowa."

"Wavala thalauzayo?"

A Zakariya anasendera pafupi ndi kanema, maso ali psuu. "Thalauza? Iyayi, kale sankavala."

"Nanga wagula liti?"

"Matipate amenewa! Aliyense akungopanga zake."

Asanamalize kudandaula, mnyamata wa mufilimumo anagwira mtsikanayo m'chiuno n'kumupsompsona. A Zakariya anadzambatuka, mpando n'kugwa chagada.

"Aaa! Walowerera mwana uyu! Ine ndinamusiya ali bwinobwino!"

"Munamusiya kuti?"

"Pa chinsalu, ku bwalo la mpira la esiteti! Ankangopatsana moni awiriwa, kenako basi kwacha."

"Komatu sanakalambe," anatero a Katarina, akuyang'anitsitsa. "Zaka zonsezi, imvi olo imodzi."

"Amadaya! Vuto linanso limenelo."

Anadina batani, tepi n'kubwerera m'mbuyo, poganiza kuti mwina maso awanamiza. Mtsikana uja anapsompsonanso.

"Kawiri! Ine ndili pompano!"

"Mukabwezanso kakhala kachitatu."

"Mukumuikira kumbuyo eti?"

"Ayi, ndikungowerenga. Komanso bambo a Brenda, filimuyi sinasinthe. Kuno a boma ankayamba aidula ndi sizasi musanaione. Ine ndinaionera kwathu nkhondo isanatithamangitse, ndipo zonsezi zinalimo. Kutsogoloku kuli zina za kumtsinje."

A Zakariya anadzutsa mpando uja pang'onopang'ono. Mtima wawo unathamangira pamsika, tsiku limene anaimitsa Katarina atasenza mtolo wa chinangwa, iwo atavala malaya obwereka.

"Dikirani kaye. Tsiku lija ndinkakufunsirani, ndinati chiyani?"

"Munati ndikufanana ndi mtsikana wa mufilimu imeneyi."

"Basi?"

"Munatinso mukufuna tizikhala ngati mmene amakhalira awiriwo."

"Ine ndimanena za ulemu!"

"Simunatchule ulemu. Munati ngati awiriwo."

"Mayo ine!" A Zakariya anapukuta thukuta ndi chipewa. "Ndiye pamsika, anthu ali piringupiringu, munandiona ngati munthu wotani?"

"Wolimba mtima. Anyamata ena onse ankangondiuza za minda ya makolo awo. N'chifukwa chake inu ndinakulolani tsiku lomwelo."

A Zakariya anatambasula dzanja kuti azimitse deki, koma a Katarina analigwira.

"Iyayi, khalani pansi muonere mpaka kumapeto. Mtsikanayu sanalowerere, bambo. Ndinu amene mwachedwa ndi zaka twente."