Wa Mlatho ndi wa Fakitale

Chisankho cha pulezidenti chitayandikira, pa siteji ya basi bambo wina wonyamula tayala la njinga anayamba kucheza ndi mayi amene anafunda ambulera ya chipani.

"Mayi, ambulera yanuyo yavota kale," anatero bamboyo.

"Iyi ndi ya dzuwa chabe, bambo. Ife kwathu kumapiri tikuvotera amene walonjeza mlatho."

"Si onse alonjeza mlatho?"

"Eya, koma wathuyu anagwera mumtsinjemo ndi galimoto yomwe pobwera ku msonkhano. Vuto lathu analimwa ndithu."

"Ife kutauni kuno ntchito kulibe, ndiye tikufuna wolonjeza fakitale. Koma akazi anga ndi akwanu komweko. Andiuza kuti ndikavotera wa fakitale, ndizikagona kufakitaleko."

"Nanga mukudandaula chiyani? Si kuli denga?"

"Denga lake liti? Kuli mwala wa maziko wokha, umene anaika pa chisankho chapitacho. Pano pamagona mbuzi."

"Ndiye muvotera ndani?"

"Wa fakitale, mayi. Ine sindiopsezedwa."

"Mukavote m'mamawa ndithu, bambo, kuti mukapeze malo. Mbuzi zimabwerako msanga kubusa."