Nkhuku Yopanda Manda Opitako

Pa siteji ya basi ku Meizhou, tsiku lolambula manda, Liao Dequan anangokhala atafungatira nkhuku yowotcha yokapereka nsembe kwa makolo. Mkulu wina wowonda, wa malaya achikalekale, anasendera pafupi naye.

"Bambo, anzanu onse apita kumanda. Inu basi yachitatu iyi ikukusiyani."

"Ndilibe kolowera, agogo. Kwathu akulemba buku la mibadwo, ndiye amuna tonse anatipima malovu. Akuti m'malovumo muli kanthu kamene bambo amapatsira mwana wamwamuna yekha, monga dzina."

"Ndiye?"

"Onse n'chimodzimodzi, kupatula ine. Akuti agogo anga anachita kutoledwa panjira chaka cha njala."

"Ha! Zaka zonsezi mukunenepetsa mizimu ya eni?"

"Musaseke. Nanga kholo langa lenilenilo limadya kwa yani? Mzimu wopanda woudyetsa umangoyendayenda."

"Umayendadi. Mpaka mapazi kung'ambika."

"Dzina lake sindilidziwa, manda ake sindiwadziwa. Ndikamupeza kuti?"

"Usavutike, mwana wanga. Wanjala amalondola yekha fungo."

Mkuluyo anatambasula dzanja. Linali lozizira, la dothi m'zikhadabo.

"Zaka zana osadya n'zambiri, mdzukulu wanga. Yamba wandibenthulira ntchafuyo."