Jekete Yofiira ya pa Khadi

Ine, Agatha Namakhwa, wa zaka 34, wa m'mudzi mwa Namputu, Mfumu Yaikulu Mabuka, m'boma la Mulanje, wokonza ndi kusindikiza makhadi a bizinesi ndi a ukwati pa Chitakale, ndikunena izi lero Lachiwiri pa 24 Juni 2025, pa nkhani ya kusowa kwa mlongo wanga wamng'ono, Phillip Namakhwa.

Lolemba pa 2 Juni, cha m'ma 10 koloko m'mawa, Phillip anafika ku shopu kwanga. Ntchito yake ku esiteti ya tiyi inali itatha mu Meyi. Anati ndimukonzere makhadi oti azigawira alendo ku Likhubula, poyambira kukwera phiri la Mulanje. Anandipatsa kapepala komwe analembapo dzina lake, nambala ya foni, ndi mawu akuti wonyamula katundu, ndimafika pa Chambe.

Ndinaseka. Ndinamuuza zomwe ndimauza kasitomala aliyense, kuti khadi labwino silichita manyazi. Lifunika mawu ochepa, nambala ya zilembo zikuluzikulu, pepala lolimba, ndi chithunzi choti munthu akachiona asalitayenso. Ndinafufuta "wonyamula katundu" n'kulemba m'Chingerezi kuti ndi woperekeza alendo m'phiri wa zaka khumi pa ntchito. Pansi pake ndinalemba liwu limodzi, Sapitwa. Ndinkadziwa kuti Phillip anakwerapo phiri kawiri kokha, atasenza chikwama cha eni ake, ndipo ku Sapitwa sanapondeko.

Chithunzi chake cha pamwamba pa phiri panalibe. Mu kompyuta yanga munali cha a Moffat Muhiwa, woperekeza alendo wakalekale wa ku Likhubula, amene ndinawakonzera makhadi chaka chatha. Anajambulidwa ataima pa nsonga ya Sapitwa atavala jekete yofiira. Ndinamujambula Phillip ndi foni pakhomo pa shopu, ndinadula mutu wa a Moffat n'kuikapo wake. Ntchitoyo inanditengera mphindi makumi anayi ndipo msoko sunkaoneka.

Phillip anayang'ana kwa nthawi, kenako anati, "Achemwali, koma uyu si ine."

Ndinayankha kuti, "Ndi iwe wa chaka chamawa."

Mawa lake ndinasindikiza makhadi zana limodzi. Anatenga makumi asanu ndi limodzi kukasiya m'malo ogona alendo. Otsalawo ali m'kabokosi kamene ndapereka kwa apolisi.

Loweruka pa 14 Juni, cha m'ma 2 koloko masana, a Moffat anabwera ku shopu khadi lili m'manja. Analiika pa tebulo, chala chili pa jekete. Anati, "Mwanangu, jeketeyi ili pa msomali kwathu. Za mutu wanga sindidandaula. Koma phiri silidziwa kuwerenga, ndiye ino ndi nyengo ya nkhungu ya chiperoni." Anati ndimutumize Phillip kwa iwo kuti aziyenda kumbuyo kwawo miyezi itatu, aphunzire njira. Ine ndinaona ngati ndi kaduka. Ndinawauza kuti ngati makhadi awo akusuluka ndiwasindikizira ena. Anatuluka osatsanzika. Uthenga wawo sindinaupereke kwa Phillip.

Lachitatu pa 18 Juni, cha m'ma 4 koloko madzulo, Phillip anabwera n'kundiuza kuti alendo awiri a ku Lilongwe, bambo ndi akazi awo, amuimbira foni. Pa makhadi onse amene anapeza pa malo ogona, anasankha lake chifukwa cha chithunzi. Ankafuna Sapitwa. Iye anati akufuna awauze zoona, awapereke kwa munthu wina, iye angonyamula katundu. Ndinamukalipira. Ndinamuuza kuti njira ya m'phiri ili ndi zizindikiro pa miyala, ngakhale mbuzi ikhoza kuitsata. Ndinamukumbutsa kuti mkazi wake, mlamu wanga Rosie, ndi woyembekezera. Mawu anga omaliza anali akuti, "Ndakutsegulira chitseko, ukufuna ndikunyamulenso?" Anapempha madzi, anamwa, anapita. Kuyambira pamenepo sindinamuonenso.

Rosie akuti Phillip ananyamuka Lachisanu pa 20 Juni, 5 koloko m'mawa. Analambalala ofesi ya ku Likhubula chifukwa dzina lake silili pa mndandanda wa operekeza alendo.

Lamulungu pa 22 Juni, cha m'ma 1 koloko masana, Rosie anandiimbira kuti foni ya Phillip sikupezeka chiyambire Loweruka. Phiri linali litaphimbidwa ndi nkhungu mpaka m'minda ya tiyi. Ndinakwera njinga yamoto kupita kwa a Moffat. Sanandikumbutse za pa 14. Anangotenga ndodo, anaitana anzawo atatu, n'kuyamba kukwera.

Dzulo Lolemba, cha m'ma 3 koloko masana, anatsika ndi alendo aja, amoyo onse awiri, koma Phillip panalibe. Anawapeza pansi pa thanthwe, pafupifupi kilomita imodzi kuchoka pa njira. Mayiyo anandiuza pa chipatala cha boma kuti nkhungu inawatsekera Loweruka masana asanafike pamwamba. Phillip anawakhazika pa thanthwelo, anavula jekete yake yakuda n'kumuveka iye, ndipo anati, "Pepani, kuno sindikudziwako. Musasunthe, ndikafune njira." Mayiyo anandipatsa jeketeyo. M'thumba munali makhadi asanu ndi awiri, onyowa, koma inki sinasungunuke.

Lero m'mawa ndaona kuti apolisi ajambula khadi lija n'kugawira amene akukwera kukamufuna, popeza Rosie analibe chithunzi china. Ndamva mmodzi akuuza anzake kuti ayang'ane chofiira pa miyala. N'chifukwa chake ndalowa muno mu polisi ndekha, palibe wandiitana.

Phillip sananamize munthu. Mawu a pa khadi ndi anga, chithunzi ndi changa, ndipo amene anamukankhira ku phiri ndine. Ndikanangosindikiza kapepala kake momwe kanalili, bwenzi lero akutsika ku Chambe ndi chikwama pamutu. Zikundipweteka, ndipo ngati ndi mlandu ndiulandira.

Ndikupempha kuti uthenga ufike kwa amene ali kumtundawo lisanalowe dzuwa. Asafune munthu wa jekete yofiira. Phillip ali ndi malaya otuwa a manja aafupi, buluku lakuda ndi nsapato za pulasitiki. Pa khadi lonselo, chake ndi dzina, nkhope ndi nambala ya foni basi.

Zomwe ndikudziwa ndi zimenezi. Andiwerengera ndipo ndavomera kuti ndi mawu anga.

Wosaina: Agatha Namakhwa ____________________