Dzanja la Keziya Fabiano

Ine, Vailet Zakeyu, wa zaka 36, wa m'mudzi wa Nakhonyo, Mfumu Yaikulu Mphuka, m'boma la Thyolo, mphunzitsi wa Chichewa pa sekondale yoyendera ya m'mphepete mwa esiteti ya tiyi kwathu komweko, ndikunena izi kwa inu apolisi.

Pa sukulupo ndimayang'anira kalabu ya olemba. Ana amandipatsa nkhani zawo, ine ndimasankha, ndipo mwana mmodzi amazikopera zonse pa pepala lalikulu n'kulimata pa bolodi la panja pa ofesi. Mayina a olemba sitiika pa bolodi, amatsala ndi ine. Chaka chino wokopera ndi Keziya Fabiano wa Fomu 4, chifukwa amalemba mowerengeka ngati taipi. Ahedi, Bambo Peterson, anabwera mu Meyi ndipo sanafunsepo ngakhale kamodzi momwe timagwirira ntchitoyi.

Lolemba pa 15 Sepitembala 2003 tinamata nkhani zinayi. Imodzi inkadandaula kuti ana ochedwa amatumidwa ku munda wa esiteti kukatola nthambi za tiyi zodulidwa n'kuzisenza mtunda wa kilomita imodzi mpaka ku khitchini ya ahedi, anzawo ali m'kalasi ya masamu. Ndinaiwerenga kawiri. Bodza munalibemo, ndiye ndinaivomera.

Lachiwiri 7:30 m'mawa ahedi anang'amba pepalalo n'kuliza belu. Ana pafupifupi 200 anafola pabwalo. Ahedi analamula a Fomu 4 kubweretsa makope awo ndipo anayamba kufananiza kalembedwe. Sipanathe mphindi zisanu. Anakoka Keziya pa kolala mpaka mabatani awiri a bulauzi anathothoka.

Ahedi anati: "Ndiwe mtolankhani, eti? Demokalase yakulowa m'mutu?"

Keziya anayankha: "Ahedi, ine ndinangokopera."

"Nanga wolemba ndani?"

"Sindinganene. Ndi lamulo la kalabu."

Ahedi anatuma mwana wawo Tamando, amenenso ali Fomu 4, kuti akatenge ndodo pa mulu wa nthambi zomwezo. Tamando anaima osasuntha. Atamukalipira anapita akulira n'kubwera ndi kanthambi kowonda. Ahedi anakataya n'kukadzisankhira okha nthambi yotalika mita imodzi, yonenepa ngati mpini wa nkhwangwa yaing'ono.

Anabweretsa desiki. Anauza Keziya kuti aike dzanja lamanja pamenepo, nati: "Lomwe lalembalo." Ine ndinali mapazi asanu ndi limodzi kuchokera pa desikiyo. Anamenya kanayi pa zala. Kachinayiko ndinamva kuthyoka ngati kwa nkhuni youma, ndipo chikhadabo cha chala chapakati chinang'ambika, magazi n'kudontha pa desiki. Keziya anabweza dzanja. Ahedi anamumenya pa mkono, pa msana ndi kumutu mpaka anagwa, ndipo ali pansi anamuponda ndi nsapato m'nthiti. Ndodo ndinaziwerenga: khumi ndi imodzi.

Ndinakuwa kuti: "Ahedi, mupha mwana!"

Anandiloza ndi ndodoyo n'kunena kuti: "Inunso, madamu, ntchito yanu yatha lero."

Pepala lenileni la wolemba linali m'chikwama changa, pa phewa langa, ndipo sindinalitulutse. Ndinachita mantha. Lembani choncho, bwana, musandikongoletse.

Apo ndi pamene ana anayamba kugenda. Magalasi atatu a ofesi anasweka, ndipo ahedi anathawira mkati n'kukhoma. Ali pa zenera anakuwa kuti Keziya wachotsedwa sukulu. Ndamva kuti anakuuzani kuti Keziya ndiye anayambitsa zipolowe. Limenelo ndi bodza lamkunkhuniza. Mwala woyamba ukuponyedwa, mwanayo anali chigonere pansi, ine nditamugwira mutu.

Ndinamukweza pa njinga yanga kupita ku kiliniki ya esiteti, mtunda wa makilomita awiri. Kumeneko anatitumiza ku chipatala cha boma, kumene anapeza zala ziwiri ndi fupa la mkono zitathyoka. Amuika chikhakha cha milungu isanu ndi umodzi. Mayeso a Fomu 4 ayamba pakatha milungu itatu.

Mayi ake, a Teleza, anafika 1 koloko masana kuchokera ku munda, dengu likadali kumbuyo. Anayang'ana chikhakhacho n'kunena kuti: "Ine ndathyola tiyi zaka khumi ndi zisanu kuti dzanja limeneli ligwire cholembera."

Ndisanachoke, Keziya anandigwira ndi dzanja lamanzere n'kunong'ona kuti: "Madamu, musamutchule. Akamupha kunyumba." Ndinamumvera masiku awiri, mlandu wa zipolowe uli pa iye.

Lero Lachinayi, 6 koloko m'mawa, wolembayo anabwera yekha pakhomo panga. Anati: "Madamu, kaperekeni pepala lija. Wotumidwa ndodo uja ndine, nkhani ndinalemba ndine. Keziya alembe mayeso."

Pepalalo ndi ili, ndikulipereka m'manja mwanu. Pansi pake pali dzina la Tamando Peterson. Mwanayo ali panjapo pa benchi ndi chikwama cha zovala, ndipo akuti kwa bambo ake sabwererako.

Zimene ndikudziwa ndi zomwezi. Andiwerengera, ndipo mawu onse ndi anga.

Siginecha: V. Zakeyu ______________
18 Sepitembala 2003