Tsiku Limene Atate Ananyamula Apongozi Anga pa Wilibala

Moni nonse okondedwa mwa Ambuye, makamaka inu amene munapemphera nane nthawi ija ndinkangolemba kuti "mundikumbukire" osanena chimene chinkandidya. Lero ndinena. Ukwati wanga ndi Dalitso unatsala pang'ono kufa usanayambe, ndipo mlandu wanga unali umodzi: ndine mwana wa ku Kanyama, komboni ya anthu osauka, mwana wa a Tembo oyendetsa wilibala.

Dalitso ndinakumana naye pamene ndinkagulitsa madzi pa kiyosiki ya m'dera lathu. Iye ndi injiniya, anabwera kudzakonza mapaipi. Anakonza, koma anapitirizabe kubwera kudzaona mapaipi omwe sanali kudontha konse. Anzanga ankandiseka kuti nkhani yathu ndi ya m'mabuku achikondi aja, momwe mwana wa kumayadi amagwa m'chikondi ndi mtsikana wa mu komboni. Ine ndinkawayankha kuti olemba mabuku amenewo sanaonepo Kanyama nthawi ya dzinja.

Amai ake a Dalitso, Mai Mwale, anakana. Sanatukwane, sanakalipe, anangouza mwana wawo kuti pabanja pawo palibe amene adzapite kukafunsira mbeta kumeneko. Dalitso anaima nji, koma ndinkamuona akuonda. Iye ndi mwana mmodzi yekha, atate ake anamwalira ali wamng'ono, ndipo amai akewo ndi amene anamulera okha. Sindinafune kukhala mkazi wolanda mwana m'manja mwa mai wamasiye. Chakudya chinasiya kulowa. Kukwaya ndinkangoyasamula pakamwa, mawu osatuluka. Ndinalira mpaka amai anga anayamba kundibisira foni.

Kenako Dalitso anandiuza kuti amai ake akubwera okha kwathu Loweruka, kudzauza makolo anga maso ndi maso kuti nkhaniyi ithe. Inali nthawi ya mvula. Amene mumadziwa Kanyama mukudziwa kuti ikagwa, msewu, ngalande ndi pakhomo zonse zimakhala dziwe limodzi. Pemphero langa linali laling'ono kwambiri. Ndinati, Ambuye, ngati akundikana andikane, koma mvula yokhayi muigwire, asadzatione tili m'madzi ngati achule.

Abale anga, Lachisanu mvula inagwa ngati kumwamba kwabooka.

Atate anadzuka m'mawa mwa Loweruka n'kutenga wilibala yawo. Madzi akadzaza, iwo ndi anzawo amaima pamene msewu wa tala umathera n'kumawolotsa anthu ndi katundu. Amai anawaletsa kuti lero kukubwera alendo, koma iwo anati mlendo amabwera masana, ndipo ana ayenera kudya.

Zimene zinachitika kumsewuko ndinazimva pambuyo pake, kuchokera pakamwa pa Mai Mwale eni ake. Anafika msanga kuposa mmene tinkayembekezera. Galimoto yawo inalephera kupitirira, anatsika ndi nsapato zawo zoyera n'kufunsa amene akudziwa kwa a Tembo. Mwamuna wina wa imvi anabwera patsogolo. "Nizibako, amai. Kwelani." Anavula jekete yake n'kuyala mu wilibala kuti chovala chawo chisade.

Mantha a madzi anawatsegula pakamwa. Ali pa wilibalapo anayamba kulankhula zonse za kumtima kwa munthu amene ankamuyesa mlendo. Anati akupita kukathetsa chibwenzi cha mwana wawo. Anati anavutika naye yekha mpaka kumuphunzitsa, ndiye sangamuone akukokedwa ndi banja losauka limene lidzamudyera zonse. Anati amva kuti tate wake wa mtsikanayo ndi wa mawilibala, kenako anakumbukira pamene akhala n'kupepesa kuti sakunyoza ntchitoyo. Wokankhayo, amene anali atate anga, anangoyankha kuti, "Kholo lililonse limayopela mwana wake. Gwililani bwino, apa pali mugodi."

Pamalo pamenepo pali ngalande yobisika pansi pa madzi. Gudumu linalowa, wilibala inapendekeka, ndipo atate anaigwira ndi thupi lawo lonse kuti mai uja asagwe. Chitsulo china cha pansi pa madzi chinawang'amba mwendo. Koma iwo anangopitiriza kukankha.

Ine ndinali pakhomo ndikukapa madzi ndi beseni pamene ndinawaona akubwera.  Atate anaimika wilibala pa njerwa zimene timapondapo, anawagwira dzanja Mai Mwale n'kuwatsitsa pouma. Maiwo anatsegula chikwama kuti alipire. Atate anapukusa mutu. "Mulendo wanga salipila. Lobani, amai, apa ndiye pa nyumba panga. Ndine Tembo."

Mai Mwale anatseka chikwama n'kulowa. Atate analowa kuchipinda, anasintha malaya, anatuluka n'kukhala pampando wawo. Analonjera mlendo mwaulemu wonse ngati kuti akumana koyamba. Kenako anati, "Mwabwela na mau. Kambani, tizamvela."

Mai Mwale sanali kuyang'ana nkhope ya atate. Ankayang'ana magazi amene ankatsika pa mwendo wawo mpaka pansi.  Kenako anadzuka pampando, anagwada pa simenti yonyowa ndi chovala chawo chodula, n'kundiuza kuti ndibweretse madzi otentha ndi mchere. Anatsuka bala la atate ndi manja awo, misozi ikugwera mu beseni. Atamaliza anawomba m'manja ali chogwada n'kunena kuti, "Nikhululukileni, asewele."

Asewere! Limenelo ndi dzina limene makolo amaitanana pamene ana awo akwatirana. Amai anga anathawira kuseri kukalira, ine ndinangokhala pansi pomwepo ndi ketulo m'manja.

Ndimawasilira amai amenewa mpaka lero. Munthu wina akanachita manyazi n'kuumitsa mtima, kapena akanatumiza mphatso kuti atseke pakamwa pathu. Iwo anagwada. Pobwerera anakana kukwera wilibala. Anabwereka jombo za amai anga n'kuyenda m'madzi, atagwira mkono wanga, akundifunsa zimene ndimakonda kuphika. Asanathe mwezi, amalume a Dalitso anabwera kudzafunsira mbeta, iwonso atavala jombo.

Madzulo a tsiku lomwelo ndinafunsa atate chifukwa chimene sanadziululire panjira, pamene ankanyozedwa ndi munthu amene amunyamula. Anandiyang'ana ngati ndafunsa zopusa. "Nikanabauza pakati pa manzi, sembe banathabila kuti? Munthu sumumvetsa nsoni pamene sangakwanise kuseluka." Ndiko kunena kuti munthu sumuchititsa manyazi pamene sangathe kutsika. Atate anga sanafike patali ndi sukulu, koma ulaliki woposa umenewu sindinaumvepo paguwa lililonse.

Ndikuthokoza Mulungu amene anakana pemphero langa. Ndinapempha kuti abise umphawi wathu, Iye anaonjezera mvula kuti apongozi anga aone chuma chimene tinali nacho m'nyumba. Kukanakhala kouma, galimoto ija ikanafika pakhomo, mawu akanalankhulidwa, ndipo lero ndikanakhala ndikulemba zina. Iwe amene ukunyozedwa chifukwa cha kumene unabadwira, usaleke kupemphera, ndipo yankho likabwera lonyowa ndi lamatope usalibweze.

Pa tsiku la ukwati wathu, mlongo wina wa apongozi anga anaona atate akutsimphina pang'ono ndi suti yobwereka, anafunsa monong'ona kuti mdala ameneyu ndi ndani. Apongozi anayankha mokweza, tebulo lonse likumva: "Aba ndiye bananinyamula." Ulemerero ukhale kwa Mulungu.