A Pamtsetse, Adona ndi Thireyi ya Tiyi

Bwana mkulu, akapitawo, ophika buledi, madalaivala, alonda a pachipata, mlamu wanga, mkazi wa mwini tsikuli, mwakhala kutsogoloku, ana ndi zidzukulu, ndakuonani nonse. Pepala ndilibe. Sukulu ine ndinkangoidutsa panjira, choncho zanga zili m'mutu muno. Wofuna kunditsutsa adikire ndikhale pansi.

Ine ndine makaniko wa fakitale ino ya buledi. Amene akupuma ntchito leroyu ndi dalaivala. Makaniko ndi dalaivala, mukudziwa, ndi mphaka ndi khoswe. Dalaivala amati sunakonze. Makaniko amati waononga ndiwe.

Achinyamata mumangoti a Pamtsetse, osadziwa kumene dzinalo linachokera. Linachokera kwa Adona, galimoto yoyera ija yonyamula buledi. M'mawa, injini ili yozizira, Adona ndi mayi waulemu. Kungogwira kiyi, alira. Koma ayende dzuwa likwere, muwazimitse pagolosale kuti mutsitse buledi, kenako mubwerere pachiwongolero. Nyee, nyee, nyee. Zii! Mudikire azizire okha, makasitomala akukutukwanani.

Mnzangayu anapeza yake nzeru. Sankaimika galimoto pamalo athyathyathya. Golosale ikhale kuchigwa, iye aimika kumtunda n'kutsika wapansi, makireti ali pamutu. Pobwerera angomasula buleki, Adona atsetsereke, alire okha. Mlamu, ndikunama? Kodi si inu munakankha galimoto mutavala nsapato zazitali, tsiku limene mtsetse unasowa? Ndamva kuti ngakhale njinga kunyumba amaiimika pamtsetse!

Matenda a Adona tinakanganirana mpaka imvi. Ine ndinkati, "Petulo akuwira m'paipi, injini ikumwa nthunzi." Iye ankati, "Akulu, ndi sitata. Ikatentha imafooka." Tinasintha batire. Tinasintha mapulagi. Ndinakulunga paipi ndi nsanza yonyowa, zinathandiza mpaka nsanzayo kuuma. Iye anandikakamiza kuika sitata ina, ndipo Adona sanathe nayo mwezi. Panali nyengo imene tinkapatsana sipanala osayang'anana kumaso.

Ndiye chaka chino bwana anatiitana. Anati, "A Pamtsetse akapuma, Adona apita kwa ogula zitsulo. Koma akadzalira ali otentha, pamalo athyathyathya, ine ndikuona, awatenge ndi awo." Bwana munanena mukuseka. Musakane, ndinalipo. Mnzangayu sanaseke. Tsiku limenelo sanadye. Anandipeza m'galaja n'kunena kuti, "Akulu, Adona akawaphwanye ndi nyundo ine ndili moyo?"

Sabata yatha tinagona chagada pansi pa galimoto, tonse awiri, mawondo akulira. Tinatsata paipi ya petulo ndi chala kuchokera kuthanki. Tinafika pamene imadutsa pafupi ndi ekizozi, paipi yotentha yotulutsa utsi ija, sitata ili pambali pake. Mnzanga anaona mabowo awiri a mabawuti opanda kanthu. Anangowayang'anitsitsa. Ndinati, "Nanga bwanji, wakomoka?" Iye anatuluka chokwawa, kulunjika pakona pamene timamwera tiyi, kutsitsa makapu onse, n'kubwera ndi thireyi.

Thireyi yathu ija, anthuni! Chilata chopindika chija, cha mabowo awiri. Anachilowetsa pakati pa ekizozi ndi paipi. Mabowo kwa mabowo, ndendende.

Anati, "Akulu, mwezi wanga woyamba pantchito chinthuchi chinkasokosera pansi apa. Ndinachimasula ndekha, ndinkaopa kuti munena kuti ndaononga galimoto."

Chilata chimenecho ndicho chimatchinga moto wa ekizozi. Zaka zonsezi Adona ankapsa, ife tikumwera tiyi pa mankhwala awo! Nonse muli muno munaikapo kapu. Bwana, inunso.

Tsono anawina ndani? Petulo ankawira. Ndinanena ine. Iye akuti sitata nayonso inkawotchedwa ndi moto womwewo. Zimenezo ndi zake. Ine ndinanena petulo.

Tiseke ndithu, koma mvetserani. Munthu uyu sanagundepo ngakhale nkhuku. Galimoto yamakani ngati imeneyi, koma palibe golosale inagona yopanda buledi chifukwa cha iye. Wina akanaisiya pamsewu n'kubwera ndi kiyi yokha. Iye ankasenza makireti. Ndipo mkazi wanga atadwala mwadzidzidzi, ndi iyeyu anatithamangitsira kuchipatala pa Adona omwewa, ife tisakulankhulana. Anadikira panja tsiku lonse. Sindinamuthokoze bwino nthawi imeneyo, pakamwa panga mukupadziwa. Mphwanga, zikomo. Mlamu, zikomo potibwereka munthu.

Tsopano yang'anani pazenera. Adona ali apo, pabwalo pathyathyathya ngati tebulo. Akapitawo angobwera nawo kumene kozungulira magolosale onse, ndipo awazimitsa pamene ine ndimayamba kulankhula. Ino ndiyo nthawi imene amakana. Bwana, pitani mukagwire boneti, musadzati tinakunamizani. Mwapsa? Eya.

A Pamtsetse, kiyi nayi. Madalaivala, manja m'thumba, wina asakankhe. Mlamu, khalani pansi, lero si tsiku lanu.

Chete nonse.

Mwamva? Mwamva kodi? Kamodzi kokha! Bwana, mawu anu aja, anthu onsewa ndi mboni.

Mphwanga, tenga Adona ako uzipita. Ukapume. Ukadzuke dzuwa litatuluka, ukanyamule zidzukulu m'malo mwa makireti, ukaimike galimoto paliponse pamene mtima wafuna. Ife tikhala tikumwa tiyi makapu ali pansi, mpaka bwana atigulire thireyi.

Imirirani nonse, timuombere m'manja mpaka injini ija isamveke!